Nyumba Yabwino, Ngongole ndi Malamulo a Dziko Lathu

Mawu oyankhulidwa pa msonkhano wa atsogoleri a miphakati, dera la Mfumu Yaikulu Kalembo, m'boma la Balaka

 

Mutu umene ndapatsidwa kuti tikambirane lero ndi wa nyumba: ndalama zomangira nyumba zimachokera kuti, malamulo a dziko lathu akunenapo chiyani, ndipo ndani ayenera kuyang'anira kuti ndalamazo zisathere m'matumba mwa anthu ochepa. Mwina ena mwa inu mukudzifunsa kuti, "Kodi nkhani ya nyumba ikulikhudza bwanji boma? Si ya bambo ndi mayi imeneyo, ndi chikombole chawo?" Zoonadi, pafupifupi nyumba zonse zimene mukuziona kuchokera pa Ulongwe mpaka kutsikira ku Shire zinamangidwa ndi eni ake, popanda tambala ya boma kapena ya banki. Koma pa chifukwa chomwecho tiyenera kufunsa kuti ndalama zimene Nyumba ya Malamulo yakhala ikuvomereza m'dzina la nyumba za amphawi zinapita kuti.

Kalembera wa chaka cha 2018 anapeza kuti m'Malawi munali anthu oposa 17 miliyoni, ndipo 84 mwa anthu 100 aliwonse ankakhala kumudzi. Anapezanso kuti nyumba yoposa imodzi mwa zitatu zilizonse inali ya zidina kapena yophoma, yofolera udzu. Nyumba ya udzu si yonyozeka ayi, ambirife tinabadwira momwemo. Vuto lake ndi lakuti imadya ndalama chaka ndi chaka mosaonekera. Udzu umene kale tinkangomweta kudambo lero ndi wogula. Pepala la pulasitiki ndi logula, ndipo chiswe chikalowa m'mitengo ya denga muyambirenso. Banja limene lafolera zaka khumi zotsatizana, mukawerengera bwino, lalipira kale mbali yaikulu ya mtengo wa malata, koma malatawo lilibe. Mmphawi amalipira nyumba yake pang'onopang'ono osaimaliza. Ndiye pakabwera madzi osefukira ngati a mu Januwale 2015, kapena namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 amene anasiya anthu oposa 600,000 opanda pokhala, zipupa za zidina zimayamba ndizo kugwa.

ZIMENE MALAMULO AKULUAKULU AKUNENA

Malamulo oyendetsera dziko lino, amene tinayamba kuwatsata mu 1994, ali ndi gawo 30 lonena za ufulu wa chitukuko. Gawoli likulamula boma kuti lichite zonse zofunika kuti anthu akhale ndi mwayi wofanana wopeza zinthu monga maphunziro, chithandizo cha kuchipatala, chakudya, ntchito ndiponso pogona. Gawo 13 likutinso boma liyesetse kukweza moyo wa anthu a kumidzi. Tsono mvetsetsani bwino, chifukwa apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka. Malamulowa sakunena kuti boma lidzammangira aliyense nyumba. Phungu kapena wofuna uphungu akakuuzani zimenezo, akukunamizani. Chimene akunena n'chakuti pamene boma latulutsa ndalama zothandizira nyumba, mwayiwo ukhale wofanana kwa onse, osayang'ana chipani, mtundu kapena chipembedzo. Mkhristu, Msilamu, Myao, Mngoni, Mlomwe, onse ndi olipira msonkho pogula sopo ndi mchere. Gawo 12 likuonjeza kuti onse amene ali pa maudindo a boma anangosungitsidwa mphamvuzo ndi anthu, ndipo ayenera kufotokoza m'mene azigwiritsira ntchito.

Chaka chimene tinalandira ufulu wodzilamulira, 1964, boma linakhazikitsa mwa lamulo bungwe la Malawi Housing Corporation kuti lizimanga nyumba zobwereketsa ndi zogulitsa, ndiponso kudula mapoloti. Chaka chomwecho kunayambanso New Building Society, kumene munthu ankasunga ndalama n'kutenga ngongole ya nyumba. Mabungwe awiriwa anagwira ntchito ndithu, koma anagwirira anthu a m'tauni ndi a pa malipiro a pamwezi. Nyumba za MHC ndi zikwi zowerengeka chabe, ndipo zili m'mizinda ndi m'maboma. New Building Society inasanduka banki wamba, NBS Bank, mu 2004. Mlimi wa thonje ndi nandolo wa kwa Kalembo sanaganiziridwe pamene ankalemba malamulo amenewa. Ndipo ngakhale m'tauni momwemo zinthu sizinayende zolongosoka nthawi zonse: cha m'ma 2011 nyuzipepala zinadzaza ndi nkhani yakuti nyumba zina za MHC zinagulitsidwa pa mitengo yotsika kwambiri kwa anthu a maudindo akuluakulu. Akuluakulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Bungwe limene linapangidwira osowa likhoza kusanduka nkhokwe ya okhuta ngati palibe woliyang'anira.

Nanga bwanji osangopita ku banki? Ndiloleni ndichite masamu a ku pulayimale, poti ndiyo ntchito imene ndinaphunzira. Mu 2024 banki yaikulu ya Reserve inaika chiwongoladzanja chake pa 26 kwacha pa 100 kwacha iliyonse, ndipo mabanki enawa pobwereketsa kwa munthu wamba ankaonjezerapo mpaka kupitirira 30. Tiyerekeze kuti mwakongola K5,000,000 pa chiwongoladzanja cha 30. Pa chaka chimodzi chiwongoladzanja chokha ndi K1,500,000, ndiye kuti K125,000 mwezi uliwonse, ngongole yeniyeniyo musanaikhudze n'komwe. Komanso banki imafuna ndalama mwezi ndi mwezi, pamene mlimi amaona ndalama kamodzi pa chaka akagulitsa mbewu. Imafunanso chikole cha malo olembetsedwa, pamene ife malo athu ndi a makolo. Pamwamba pa izi, kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya malata ndi simenti inalumpha. N'zomvetsa chisoni kuti miyala ya laimu ili m'boma lathu lomwe lino, ku mapiri a Chenkumbi, koma thumba la simenti kwa ambirife ndi loyang'ana ndi maso. N'chifukwa chake nyumba zambiri za malata m'dera lino zinamangidwa ndi ndalama za ana athu amene ali ku Joni.

NKHANI YA MALATA NDI SIMENTI

Apa ndiima nthawi yaitali chifukwa ndi pamene boma linayesa kufika kumudzi. Kumapeto kwa 2014, boma la a Peter Mutharika linakhazikitsa ndondomeko imene dzina lake lenileni ndi Decent and Affordable Housing Subsidy Programme, koma tonse timaidziwa kuti ya malata ndi simenti zotsika mtengo. Cholinga chinali chakuti chaka chilichonse mabanja 80 a m'dera la phungu aliyense athandizidwe. Madera a aphungu nthawi imeneyo anali 193, ndiye kuti mabanja 15,440 pa chaka. Mwa mabanja 80 aja, ochepa ovutikitsitsa ankayenera kulandira ulere, pamene otsalawo ankalandira zipangizo n'kudzabweza theka la mtengo wake ngati ngongole. Ndalama zobwezedwazo ndiye zikanathandiza mabanja ena m'zaka zotsatira.

Ganizoli pa lokha silinali loipa, ndipo alipo anthu amene lero akugona osatchera mabeseni m'nyumba chifukwa cha ndondomekoyi. Tisakane zimenezo. Koma taonani pamene panali pofooka. Dera la phungu mmodzi lili ndi mabanja zikwizikwi, malo ndi 80 okha. Ndiye amene wagwira cholembera posankha mayina ali ndi mphamvu zoposa za mfumu. Kumadera ambiri anthu anadandaula kuti mayina ankatuluka osadziwika kumene asankhidwira, kuti ena olandira anali abale a atsogoleri kapena otsatira chipani, ndiponso kuti zipangizo zinkafika mochedwa kapena zoperewera, simenti n'kuuma m'matumba malata asanafike. Madandaulo otere anamveka ngakhale m'Nyumba ya Malamulo momwe.

Pofooka pena panali pa ife tomwe, ndipo pamenepa ndisakubisireni. Anthu ambiri amene analandira sanabweze ngongole. Ena sanafotokozeredwe bwino kuti ndi ngongole. Ena ankadziwa koma anati, "Za boma izi, ndani adzandifunse?" Andale enanso ankaopa kukumbutsa anthu za kubweza poganizira mavoti. Tsono amene anataya ndani? Ndi mayi wamasiye wa mudzi womwewo amene dzina lake likanatuluka chaka chotsatira. Ndalama ya boma ilibe mwini mmodzi, koma eni ake alipo, ndipo ena akhala pa mabenchi omwe ano.

Maganizo anga ndi akuti muzu wa mavuto onsewa unali umodzi. Ndondomekoyi inabadwa ngati lonjezo la pa chisankho, ndipo inkayenda ndi ndalama zimene aphungu ankavomereza mu bajeti chaka ndi chaka, popanda lamulo lakelake lonena momveka kuti woyenera kulandira ndi wotani, wosankha ndani, thumba la ndalama zobwezedwa alisunga ndani, ndipo wonyengedwa akadandaule kuti. Chinthu chimene chabwera ndi chipani chimapitanso ndi chipani. Boma litasintha mu 2020, nkhani ya malata inazilala, ndipo boma la a Lazarus Chakwera linaika mtima pa ntchito yomanga nyumba 10,000 za apolisi, asilikali ndi ena a chitetezo, komanso nyumba za abale athu achialubino. Izinso ndi zofunika. Koma mlimi amene anaotcha njerwa zake n'kumadikira dzina lake anatsala nazo njerwazo, mvula ikuzinyenya. Sindikunena izi pofuna kukweza chipani china kapena kutsitsa china. Boma lililonse, la mtundu uliwonse wa nsalu, likayambitsa thumba la nyumba popanda lamulo lolimanga, zotsatira zake zidzakhala zomwezi.

NDANI AMAYANG'ANIRA?

Oyang'anira alipo, ndipo malamulo anawapatsa mphamvu. Pali mkulu wofufuza za kayendetsedwe ka chuma cha boma, Auditor General, amene amaunika mabuku a maunduna ndi makhonsolo n'kupereka lipoti ku Nyumba ya Malamulo. Kumeneko kuli komiti ya aphungu yoona za ndalama za boma, imene ili ndi mphamvu yoitanitsa akuluakulu a unduna kuti adzayankhe. Pali bungwe lolimbana ndi katangale la ACB, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1995. Pali ofesi ya Ombudsman, kumene munthu amene wachitiridwa zosalungama ndi ofesi ya boma angakadandaule osalipira kanthu. Koma onsewa amakhala kutali, ndipo kawirikawiri amafika nyumba itapsa kale. Auditor General angaone papepala kuti matumba a simenti anatumizidwa kwa Kalembo, koma amene akudziwa ngati matumbawo anafikadi pakhomo pa munthu wolembedwayo ndi inuyo.

N'chifukwa chake lamulo la maboma aang'ono la 1998 ndi lofunika kwa ife. Boma lathu la Balaka linapatulidwa kuchokera ku Machinga chaka chomwecho. Pansi pa khonsolo pali komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu, ADC, ndipo pansi pake pali makomiti a m'midzi, ma VDC. Ambiri a inu mumadziwa tsiku losankha komiti ya mpingo, koma tsiku losankha VDC mumapita kumunda. Kenaka mayina a olandira thandizo akatuluka mumadabwa. Mayina a thandizo lililonse, kaya la malata, kaya la omwe nyumba zawo zagwa ndi mvula, ayenera kutchulidwa pabwalo, anthu onse akumva, ndipo alembedwe n'kumatidwa poonekera. Mndandanda wolembedwa usiku m'nyumba ya munthu mmodzi muziukana, ngakhale mutakhala kuti dzina lanu lilimo.

Chida china chimene ambiri sitinachigwiritsebe ntchito ndi lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani zosungidwa ndi boma, Access to Information Act. Linasainidwa mu 2017 ndipo linayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Mwa lamuloli, Mmalawi aliyense angalembe kalata ku ofesi ya Bwanamkubwa kufunsa, mwachitsanzo, kuti ndi mabanja angati a kwa Kalembo amene analandira malata, zipangizozo zinali za ndalama zingati, ndipo zabwezedwa zingati. Ofesiyo iyenera kuyankha pasanathe masiku 15 ogwira ntchito. Ikakana popanda chifukwa chomveka, nkhaniyo mungaitengere ku bungwe la boma loona za ufulu wa anthu, Malawi Human Rights Commission. Kalatayo musainire anthu angapo, musunge kope yake, ndipo wolandirayo adindepo chidindo ndi tsiku. Kufunsa kotere si mwano, ndiponso si kuukira boma. Okulirapo mukukumbukira kuti kalata ya Aepiskopi ya mu Malichi 1992 inasindikizidwa pa Balaka pompano, nthawi imene kufunsa kunali kuika moyo pachiswe. Lero lamulo lenilenilo likutiuza kuti tifunse, ndiye tikuopanso chiyani?

MALO AMENE NYUMBA YAIMAPO

Nyumba siiyandama m'malere, imaima pa malo, ndipo mikangano yambiri ya nyumba imayambira pamenepo. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inavomereza malamulo angapo okhudza malo, ndipo limene likutikhudza kwambiri ndi Customary Land Act, lonena za malo a makolo. Linayamba kugwira ntchito mu 2018 ndipo linakonzedwanso mu 2022. Lamuloli likulola munthu, banja kapena gulu kulembetsa malo awo a makolo n'kulandira chikalata. Linakhazikitsanso makomiti a malo otsogozedwa ndi a gulupu, ndipo linanena kuti mwa anthu asanu ndi mmodzi okhala nawo m'komitimo, atatu kapena kuposerapo akhale amayi. Mikangano imayambira ku bwalo la malo la mfumu yaikulu, ndipo wosakhutira angapitirire nayo ku bwalo la malo la pa boma.

Kuno kwathu ambiri timatsata chikamwini, ndipo nkhaniyi ili ndi minga. Bambo amaopa kumanga ya malata pamudzi pa akazi awo poganiza kuti banja likatha, kapena mayi akatsogola, adzachoka ndi chikwama chokha. Ndiye ndalama amakamangira kwa alongo awo, ana ake enieni akugona modontha. Kumbali inayi, taonapo amayi amasiye akuchotseredwa malata padenga ndi achibale a malemu, maliro asanathe n'komwe. Dziwani kuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 linanena kuti kulanda chuma cha masiye ndi mlandu, ndipo linaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wa malemu pamodzi ndi ana. Ndikupemphani ankhoswe ndi eni mbumba kuti nkhani ya nyumba muziikamba onse ali moyo, njerwa yoyamba isanayalidwe, ndipo zimene mwagwirizana zilembedwe pamaso pa mfumu.

Ena amati chikalata cha malo chidzatitsegulira khomo la ngongole. Mwina n'kutheka. Koma kumbukirani tanthauzo la chikole: mukalephera kubweza, malowo apita, ndipo ndi malo omwewo amene ana anu akanalimapo. Chikalata n'chabwino poteteza malire ndi poteteza amasiye. Kuchipereka kwa wobwereketsa ndalama ndi nkhani ina, yofunika kuti banja lonse likhale pansi.

NGONGOLE ZING'ONOZING'ONO

Njira imene yamangitsa nyumba zambiri m'midzi muno ndi yomanga pang'onopang'ono: chaka chino njerwa, chaka chamawa malata khumi, kenaka zitseko, simenti ya pansi pambuyo. Mabungwe monga Habitat for Humanity, amene akhala akugwira ntchito m'Malawi kuyambira 1986, anaona kuti ngongole yaing'ono yokonzera mbali imodzi ya nyumba imamuyenera mmphawi kuposa ngongole yaikulu ya nyumba yonse. Magulu osunga ndi kubwereketsa ndalama, ma SACCO, anayamba kufala m'dziko muno m'zaka za m'ma 1970 ndi chilimbikitso cha Mpingo wathu, ndipo bungwe lawo lalikulu, MUSCCO, linakhazikitsidwa mu 1980. Lero ma SACCO ali pansi pa lamulo la 2011, ndipo mabungwe obwereketsa ndalama zing'onozing'ono ali pansi pa lamulo la 2010. Onsewa amayang'aniridwa ndi banki ya Reserve, ndipo kumeneko ndi kokadandaula akakuchitirani zachinyengo.

Choncho munthu akabwera pamudzi ndi galimoto ndi mafomu, n'kunena kuti mulipire kaye ndalama yolembetsera kuti mudzalandire malata, mufunseni chiphaso chake ndipo mufunse ngati a khonsolo akumudziwa. Musanasaine kapena kudinda chala, wina wodziwa kuwerenga akuwerengereni mokweza, ndipo mufunse funso limodzi ili: zonse pamodzi ndidzabweza zingati? Asakuuzeni za pamwezi zokha. Pa ndalama iliyonse imene mwapereka mulandire lisiti. Za katapila sindinena zambiri, nonse mukudziwa kuti denga logulidwa ndi katapila limatha ndi kukhomoledwa. Banki mkhonde ndi yabwino, ndipo amayi ambiri agula nayo malata, koma mphamvu yake ili pa malamulo amene mwapangana nokha ndi pa kaundula wolembedwa bwino. Ndalama ziziwerengedwa pamaso pa onse pa msonkhano uliwonse, ndipo makiyi a bokosi asakhale ndi munthu mmodzi.

Pa 16 Sepitembala 2025 tinasankha pulezidenti, aphungu ndi makhansala. Ntchito yoyamba ya phungu ndi kupanga malamulo ndi kuunika bajeti, osati kugula mabokosi a maliro. Akabwera kudzachititsa msonkhano, m'malo momupempha malata a tchalitchi kapena a mzikiti, mufunseni ngati adzaimirire m'Nyumba ya Malamulo kupempha lamulo la thumba la nyumba za anthu a kumudzi. Lamulo lotere linene poyera za oyenera kulandira, lilole mlimi kubweza pa nthawi yokolola, lilamule kuti mayina ndi ndalama zizilengezedwa chaka chilichonse pa boma lililonse, ndipo liletse andale kugwira mndandanda wa mayina. Khansala mumufunse kuti nkhani ya nyumba ili pati mu ndondomeko ya chitukuko ya boma la Balaka. Mayankho awo alembi a miphakati muwalembe pamodzi ndi tsiku lake, ndipo mudzabwere nawo pa msonkhano wathu wotsatira kuti tidzawawerenge pamodzi ndi mafumu ndi abale athu Achisilamu.

Tsopano tigawane m'magulu monga mwa midzi yathu. Gulu lililonse liwerenge mabanja a m'mudzi mwawo amene nyumba zawo zinagwa m'dzinja lapitali, ndipo litchule mayina a anthu amene ali mu VDC yawo ndi chaka chimene anasankhidwa.